Amalume awotcha mabiti anga a ku Joni

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Ngabu kukutentha monga mwa masiku onse. Mpongozi wanu Malita wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mapira munasiya aja mbalame zinagawana nafe, koma m'nkhokwe muli kanthu. Zabwino zathera pomwepa. Munkati, "Zuze, mkwiyo usamagone nawo." Pepani, ine ndikugona nawo ndi kudzuka nawo.

Mukukumbukira kabokosi ndinakusungitsani nditabwerako ku Joni? Munali mabiti, tizitsulo toboolera zitsulo zinzake, tonyezimira mwachikasu. Ndinakuuzani bwinobwino kuti si golide. Ndi chitsulo wamba, kungoti ku fakitale amachikutira ndi kakhungu kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kolimba ndiponso koterera, kuti biti isatenthe kapena kubuntha msanga. Kakhunguko ndiko ndinagulira, chifukwa zitsulo za ngolo sizimva biti wamba. Inu munangoseka. Lamlungu lake ku tchalitchi munali mutauza kale aliyense kuti mwana wanu wakubweretserani golide. Ndikudziwa, munkandinyadira. Koma pakamwa panu paja, Amayi, pandiphetsa.

Tsiku logawa katundu wanu, mlongo wanu, amalume a Jofilisi, sanayang'ane nsalu kapena mbale. Analunjika pa sutikesi yanu, mmene munali kabokosi kaja. Nditati kabokosiko ndi kanga, anandiyang'ana monga amayang'anira anthu opanda khadi la chipani pa msika. "Iwe mwana, golide wolowa mobisa boma limam'dziwa? Ndikanene?" Paja tsopano ndi atcheyamani a nthambi ya chipanicho. Ndinaganiza za mimba ya Malita, ndinawasiyira kabokosiko.

Imvani zimene anachita. Anayamba ndi kukhutiza biti pa mwala wonolera makasu kuti golide agwe ngati ufa. Kakhungu kanakana, mwala ndiwo unakandika. Atapsa mtima anapita kwa wosula makasu, n'kuponya mabiti onse pa makala, mvukuto ukupuma, ati golide asungunuke adonthere m'chigoba. Palibe chinadontha. Moto unangochotsa kulimba kwa chitsulo cha m'kati, ndipo anandibwezera tizitsulo takuda m'pepala la shuga. Ndinayesa biti imodzi pa chitsulo cha ngolo, inangolira n'kupindika mlomo.

Nthawi imeneyo thonje linali litayera m'minda, ngolo za anthu zili ndii pa shedi yanga kudikira kuti ndizikonze zipite ku msika. Eni ake anadikira, kenako anazikoka imodziimodzi kupita kwa mmisiri wa ku Nchalo. Sindiwada, thonje silidikira maliro a munthu. Shedi ija munandithandiza kufolera ndi manja anu ndaitseka. Lolemba ndikukayamba kudula nzimbe, ine amene ndinaphunzira ntchito ya zitsulo.

Zonsezo ndikanameza. Chimene chandikhala pakhosi n'chakuti amalume akuyenda m'mabwalo a mowa kunena kuti ndinakunamizani. Ati, "Chikomekome cha mkuyu! Mwana uja anapatsa mayi ake golide wabodza, mlongo wanga wapita ali wopusitsidwa." Anthu akukhulupirira. Dzulo pa mjigo amayi ena anamufunsa Malita ngati mkaka wake nawonso ndi weniweni. Mboni yanga inali imodzi, ndinuyo, ndipo mwagona chete pansi pa mtengo wa masawu. Ndakwiya nawo amalume, ndakwiyanso nanu, ndipo sindibisa.

Kukukondani ndiye sindinasiye. Chikumbutso chanu tidzachita tikadzakololanso, mbuzi ndasunga kale. Koma ndikulonjezeni ichi: anthu akakhala pansi, ndidzaimirira amalume ali pomwepo, ndidzanena amene anatenga, amene anawotcha, ndi chimene chinawotchedwa. Malita akuti amalume akandinenera ku chipani sindidzagona pakhomo. Ndamuuza kuti andikonzeretu bulangete.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Zuze