Mpanda watitsekera chitsime

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma amayi miyendo yatupanso.

Anthu achuma agula malo onse kuseri kwa msika wa Ulongwe, ndipo Lolemba mpanda wawo unatsekera chitsime chathu mkati. Amayi anaima pachipata ndi ndowa n'kufunsa mlonda kuti, "Kodi ndi madzi omwe mwagula?" Iye anangoyang'ana kumbali.

Wotimvera ndi Lusiya yekha, mwana wa malemu achemwali. Ku univesidade akufufuza za ife amene tikusamutsidwa, koma thandizo la anthu akufuna kwabwino latha, moti alibe ngakhale yokwerera shapa, minibasi yobwera kuno. Achimwene, ndasowa kolowera. Chonde m'tumizireni kangachepe, abwere adzalembe zathu tisanabalalike. Mabanja ena apakira kale katundu.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Rozariya