Ndalama Zisanu Zokana Guluu

Lolemba, 3 Malichi
Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Cha m'ma 10 koloko, ndikupukuta magalasi a mafelemu, kwalowa agogo ena, akuti ankaphika m'sitima zapanyanja. Atulutsa envulopu. Ndalama zisanu zapepala za kuzilumba zakutali. Ina ili ndi kamba wam'madzi, ina mbalame yamlomo wofiira. Zonse zoboola timabowo tiwiri, mawu ofiira opingasa pakati, nambala ziro yekhayekha.

Abwana ati, "Agogo, zakufatu izi. Mungagule nazo chiyani?"

"Sizinagulepo kanthu, mwanawe. Ndi zitsanzo, zoonetsa a banki maonekedwe a ndalama yatsopano. Osonkhanitsa ndalama zosowa amazilimbirana. Muziike m'felemu, koma guluu ayi."

Abwana avomera maso ali pa foni. Ine ndamva bwinobwino.

Lachiwiri, 4 Malichi
Abwana amamata chilichonse, ngakhale masatifiketi a anthu. Envulopu ndaibisa pansi pa makatoni.

Lachitatu, 5 Malichi
Nthawi yopuma masana ndayesa njira yanga pa lisiti lakale. Timatumba tinayi tapepala, m'ngodya iliyonse kamodzi. Guluu pa kathumba, pa lisiti ayi. Ndagwedeza, silinagwe. Ndasolola, latuluka loyera. Manjawa ndimawakhulupirira. Pakamwa ndi pamene pamandivuta.

Lachisanu, 7 Malichi
"Iwe Chete, envulopu ija ili kuti?" Chete ndi dzina limene abwana amandiitanira, ndipo botolo la guluu lili kale m'manja mwawo.

Ndati agogo aja anakaniza guluu. Mawu atuluka ngati a kamwana ka mphaka.

"Wati chiyani?"

Ndabwereza mokweza mpaka atelala a khomo linalo asuzumira.

"Ndiye tizimata ndi malovu?"

Ndawapatsa lisiti lija. Asolola, abwezera, asololanso. Kenako ati ndikaononga ngakhale imodzi, ntchito yandithera pompo. Ndati chabwino. Ndasamba m'manja kawiri, ndayamba ndi ya kamba.

Loweruka, 8 Malichi
Agogo afika ndi magalasi awo a m'maso. Ati titsegule kumbuyo kwa felemu. Asolola ya mbalame, aitembenuza, aikweza pa kuwala kwa windo. Yoyera ngati mmene inabwerera.

"Wakonza ndani?"

Abwana amati atsegule pakamwa, ndawayambirira. "Ndine, agogo."

Agogo akuti kunyumba zilipo zina makumi atatu, ndipo asazigwire wina. Atatuluka, abwana akhosomola, achoka pampando wa patebulo lodulira, aukankhira kwa ine ndi phazi. Ndi wautali, miyendo yanga ikulendewera.

Ndamaliza kulemba Loweruka, 4 koloko madzulo, ndili pampando womwewo.