Pomwe Yamikani akagwade

Lachisanu, mvula isanayambe. Kwatentha tsiku lonse.

Tsiku lomaliza amake Yamikani ali bwinobwino tinali kudimba, tikuthirira mpiru. Anandikalipira kuti ndikuponda mbewu. Zomwe tinakambirana ndi zomwezo basi.

Lero mwana wathu Yamikani wabwera kuchokera ku Zomba. Akufuna kufunsira chibwenzi chake, Tadala. Akuti masiku ano mwamuna amagwada, mphete ili m'manja, mnzake akujambula pa foni. Ndamufunsa ngati ankhoswe nawonso amagwada. Waseka.

"Nanga inu bambo, amayi munawafunsira pati?"

Ndamuuza kuti panali pamwala wochapira kumtsinje wa Domasi, dzuwa litapendeka, azimayi ena atapita kukaphika. Amake anandiyankha osasiya kuchapa, amvekere, "Kawauzeni amalume."

"Ndiye inenso ndikagwada pomwepo," watero.

Chimwalirireni amake sindinapondekonso kumeneko, ndipo ndimayesa ndimukaniza. Koma ndangozindikira ndikumulangiza kuti apite Lamulungu madzulo, poti anthu sachapa, komanso asavale nsapato zoterera. Ndikufunitsitsa kumva kuti mtsikana wa lero amayankha chiyani mwamuna akamugwadira. Amake akanaseka mpaka misozi.

Yamikani atanyamuka, ndatsegula sutikesi ya amake yomwe abale awo anandisiyira pogawa katundu, imene ndakhala ndikuizemba. Zitenje zonse ndatumiza kwa achemwali awo, kupatula chimodzi chobiriwira. Chimenecho ndachipinda, ndamusungira Yamikani kuti akayale pansi. Mwala uja umakhala ukuotchabe madzulo, ndipo bondo la mnyamata wa m'tauni...