Thovu Likakhazikika Ndibwera

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji? Bondo lija likukulolani kuyenda, kapena mukungolimbikira monga mwa masiku onse? Nanga Kanjiwa wanga, chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti thupi ndi lolema. Ndikulemba Lachitatu masana nditakhala pa kampando ka kukhitchini. Kalatayi ndipatsira a dalaivala a lole aja, akuti ifika Lachisanu. Alamu akuwerengereni pang'onopang'ono mwanayo atapita kusukulu, chifukwa chake muchimva kumapeto.

Ndikudziwa kuti munandidikira mwezi watha. Achemwali anandiuza pafoni kuti Kanjiwa anavala diresi lake la kutchalitchi kuyambira m'mawa, n'kukhala pa mwala wa kumsewu mpaka basi yomaliza itadutsa, ndipo anakana kudya. Nditamva zimenezo ndinangodula foni. Sikuti ndinali wamwano ayi. Pafoni ndimachita chibwibwi, ndiye ndaona kuti ndilembe zonse mwadongosolo kuti mudziwe chimene chinandigwira mwendo.

Munandifunsapo kuti ntchito ya nsomba imene ndimanena ija ndi yotani. M'chipinda chochezera cha bwana muli thanki yagalasi, kutalika kwake ngati bedi, yodzaza madzi amchere. M'katimo muli tinsomba tisanu ndi tiwiri tamawangamawanga, tongoonera osati tandiwo, nkhono zingapo, ndi zinthu zina zomera pamiyala zimene amati makorali. Mukaziona mungati ndi maluwa, koma ndi zamoyo, zimadya, ndipo madzi akada zimafota n'kutuwa. Bwana anazilera zaka khumi ndi ziwiri pamodzi ndi malemu akazi awo. Tsopano akalamba, msana suwalola kuwerama, ndiye manja awo ndine. A khuki, bambo wachikulire wophika pano, amati thankiyo ndi mkazi wamng'ono wa bwana, ine ndine mdzakazi wake.

Pansi pa thankiyo pali kabati. M'kabatimo muli kathanki kena kamene madzi amatsikirako, ndipo mmenemo ndi momwe mumakhala makina ochotsa litsiro. Amawatchula kuti sikima, koma ine ndimangoti makina a thovu. Amamenya madzi ndi mpweya mpaka kuchita thovu, litsiro limakwera ndi thovulo pakhosi pa makinawo n'kugwera m'kapu ya pamwamba. Kapuyo ndimakataya ine. Fungo lake, amayi, khola la nkhumba la amalume lili bwino.

Makina akale anafa miyezi iwiri yapitayo. Bwana anaitanitsa atsopano, aakulu kuposa onse a m'sitolo, amvekere chachikulu ndiye champhamvu. Ine ndinali nditayeza kale kabatiyo ndi chingwe, n'kumanga mfundo pa kutalika, pa kukula ndi pomwe madzi amalekeza. Nditangoona katoni yake ndinadziwa kuti salowa. Koma ine ndani kuti nditsutse bwana? Tinalimbana nawo ndi a khuki mpaka thukuta, koma kapu yake inatsala panja. A khuki anaseka n'kunena kuti tagula ng'ombe pomwe tili ndi khola la nkhuku.

Kenako bwana anandituma ine kusitolo ya nsomba kukabweza. Mwini sitoloyo ndi mayi wa mawu aakulu, ndinkamuopa. Nditatulutsa chingwe changa anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati pa anthu onse obwera pa sitolo yake, ine ndekha ndi amene ndabwera ndi nzeru m'thumba. Anandifunsa kuchuluka kwa madzi, chiwerengero cha nsomba ndi kangati timazidyetsa. Anati ngakhale makina aakuluwo akanalowa, sakanatithandiza, chifukwa tinsomba tisanu ndi tiwiri sitingawapatse litsiro lokwanira kuti thovu liime. Zili ngati kuitana anthu khumi kudzalima kamunda konga mphasa, angoima n'kumayang'anana. Anandisankhira apakatikati, ndipo analowa m'kabati bwinobwino, pamwamba n'kutsala malo ochotsera kapu.

Tsiku lomwelo ndi pomwe bwana ananena za tchuthi changa. Anati ndipita kwathu masiku khumi makinawo akakhazikika, chifukwa ine ndikachoka atsala ndi a khuki, ndipo a khuki ananeneratu kuti iwo kwawo ndi kudyetsa nsomba ndi kutaya kapu basi, kampopi sadzakakhudza ngakhale awaopseze bwanji. Kampopi ndikunenaka n'kofiira, kali pambali pa makina. Mukakatseka pang'ono thovu limakwera, mukakatsegula limatsika. Ndinaganiza kuti ndi ntchito ya masiku awiri. Ndiye ndinakuuzani tsiku, inu n'kumuuza mwana.

Amayi, milungu itatu makinawo anandizunza. M'mawa uliwonse ndimalowetsa mkono m'thanki kupukuta galasi ndi kuimika timiyala tomwe nkhono zagwetsa. Ndikangomaliza, thovu linkagwa lonse, makina n'kumangolira opanda kanthu. Ine pochita mantha ndinkatseka kampopi kuti likwere. Likakana ndinkatsekanso. Ikafika nthawi ya chakudya cha masana, thovu linkadzuka ngati mkaka pamoto, kapu n'kusefukira, madzi onunkha aja n'kubwerera m'thanki, ena pansi. Ndiye nditsegule kampopi, ndikolope, nditulutse kapeti padzuwa. Mawa lake chimodzimodzi. Mawondo anga anada ndi kugwada patsogolo pa kabati ija.

Madzi anayamba kuoneka achikasu. Pali korali imodzi yobiriwira imene akuti malemu ankaikonda kwambiri. Inatseka timanja take n'kuyamba kutuwa m'mbali. Bwana sanandikalipire. Ankangokhala pampando wawo kuiyang'ana, tiyi n'kuzizira m'manja. Bola akanandikalipira. Tsiku la ulendo wanga litafika, sindinathe ngakhale kufunsa. Ndinangomasula chikwama n'kubwezera zovala m'katoni.

Mukudziwa khalidwe langa lolemba chilichonse. Ndili ndi kope limene ndimalembamo nthawi imene ndadyetsa nsomba, imene ndapukuta galasi, imene ndagwira kampopi ndi mmene thovu lachitira. Tsiku lina ndikuliwerenga ndinaona kuti pa milungu yonseyo panali masiku awiri okha otsatizana amene thovu silinagwe. Ndinaganiza mpaka mutu kuwawa kuti masiku amenewo ndinachita chiyani chosiyana. Kenako ndinakumbukira. Ndi masiku amene a khuki anabwereka botolo la mafuta odzola munanditumizira lija, ati akadzoze zikang'a zawo, n'kuliiwala kunyumba kwawo.

Apa musakhumudwe, amayi. Mafuta aja ndi abwino, ndipo ndinkadzola m'mawa uliwonse monga munandiuzira, kuti mwana wamkazi asamaoneke wotuwa pakati pa anthu. Ndinkadzola mpaka m'zigongono, kenako mkono womwewo n'kuuviika m'thanki. Cholakwa ndi changa.

Masiku atatu ndinasunga nkhaniyi mumtima. Ndinkaopa kuti bwana akamva kuti amene wadwalitsa korali ya malemu ndi ine, andiuza kuti ndipite kwathu osabweranso. Kufuna ndikufuna kubwera, koma osati mwa njira imeneyo. Ndinayamba ndakauza mayi wa kusitolo uja. Anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kundigwira dzanja, kulinunkhiza, amvekere kadontho kamodzi ka mafuta kamapha thovu kwa maola angapo, nanji mkono wathunthu. Koma anati mlandu wanga waukulu si mafuta ayi, ndi kusaugwira mtima. Thovu likagwa limadzuka lokha, ndipo ine potseka kampopi ndinkakonza chigumula cha masana ndi manja anga. Anandiphunzitsa kuti kampopiko ndizikasuntha pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo, kenako ndizikasiya tsiku lathunthu. Zogwera m'kapu zikhale zakuda ngati tiyi wowawa wopanda mkaka. Zikakhala zoyera ndiye kuti thovu lakwera kwambiri, zikangomata pakhosi ngati matope ndiye kuti latsika kwambiri. Anandiletsanso kutsuka kapu ndi sopo, madzi ofunda okha. Pomaliza anandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anati ine ndilibe chowiringula chifukwa nkhonozo ndimakhala nazo tsiku lililonse.

Kwa bwana ndinalephera kulankhula. Ndinaima pakhomo la chipinda chochezera mpaka iwo anandifunsa ngati ndadwala. Ndinangowapatsa kope nditatsegula pa masiku awiri aja, pansi pake nditalemba za mafuta. Anawerenga pang'onopang'ono ndi magalasi awo, kubwerera mpaka tsamba loyamba. Atamaliza sananene zoti andikhululukira kapena ayi. Anangoti tiwerenge masiku asanu ndi awiri. Makina akatha masiku amenewo osasefukira ndiponso osagwidwa kampopi, ndinyamuke. Akasokonezeka, tiyambirenso kuwerenga.

Anandigulira magolovesi ofika m'zigongono, koma mukudziwa kufupika kwanga, thankiyo ndi yakuya ndipo madzi amalowera pamwamba. Ndiye ndasiyiratu kudzola. Botolo ndalitsekera m'chikwama. Manja anga achita ming'alu, madzi amchere akalowamo amaluma ngati tsabola. Mukaona zilembo zapendama, chifukwa chake n'chimenecho.

Tinayamba kuwerenga Lamulungu, lero ndi tsiku lachinayi. Ndinamata kapepala pakhosi pa makina n'kulemba mzere ndi pensulo pomwe thovu liyenera kulekeza, ndipo mpaka pano lili pomwepo. M'kapu mukugwera zakuda. Korali yobiriwira ija dzulo inatulutsa timanja tingapo mbali imodzi, bwana anandiitana kuti ndidzaone, ndipo tiyi wawo anamwa akadali wotentha.

Koma sindinkadziwa kuti kusagwira chinthu kumatopetsa kuposa kuchapa mabulangete. Nsomba zikadya, thovu limatsika pang'ono, ndipo dzanja langa limapita lokha ku kampopi. Ndimachita kulikhalira. Dzulo ndinatsegula kabati kakhumi ndi kawiri kungoyang'ana, ndinawerenga. A khuki akuti andimanga manja kumbuyo ndi chingwe cha epuloni yawo, ndiponso akuti zikang'a zawo ndi zimene zapulumutsa nyumba ino, choncho bwana azizilemekeza. Ndimaseka, koma mtima uli m'mwamba. Ndikamasita, ndikamakolopa, khutu limakhala ku kabati. Ndatopa, amayi. Chaka ndi miyezi isanu ndi itatu osamuona mwana wanga, ndipo tsopano zonse zatsamira pa mzere wa pensulo.

Pempho langa ndi limodzi. Musamuuze Kanjiwa kuti ndikubwera. Makina akapirira mpaka Loweruka, ndikwera basi Lamulungu m'mawa. Akasefukira, ndiyambiranso kuwerenga, ndipo sindikudziwa kuti ndidzafika liti. Inu ndinu aakulu, mukhoza kudikira chinthu chosadziwika. Iye sangathe. Ndinamunamiza kamodzi osafuna, kachiwiri sadzandikhulupiriranso. Muwauzenso achemwali, pakamwa pawo mukupadziwa. Musakonze chilichonse chimene angachione n'kuzindikira, musasese pabwalo kuposa masiku onse, ndipo diresi lija likhale m'sutikesi. Ndikufuna ndidzamupeze ali mbuu ndi fumbi akusewera ndi anzake, osati atakhala pa mwala uja.

Mundiperekere moni kwa abambo aang'ono ndi amayi aang'ono, kwa amalume ndi nkhumba zawo, kwa azakhali, kwa achemwali ndi ana awo onse. Alamu, zikomo powerenga, pomwe ndalakwitsa kalembedwe musandiseke. Kanjiwa mungomuuza kuti amayi ake akuti azivala juzi m'mawa.

Mafuta aja atsala theka la botolo, ndibwera nawo. Ndikadzafika mudzandidzoze nokha m'manjamu, kumeneko kulibe thovu loti ligwe.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
uja mumamutcha Namanyazi