Fayilo ya a Sidiki ndi chala changa

Loweruka, 26 Januwale 2008

Kuno ku Gaithersburg, ku America, kuzizira koopsa. Foni yochokera ku Liwonde: apongozi sakudzukanso, phala akuchita kuwamwetsa. A Sidiki, amuna anga, angokhala pa sofa ngati mlendo. Sangapite. Green card yawo, chiphaso chokhazikikira kuno, sinatulukebe, akuti boma likufufuzabe dzina lawo. Akatuluka m'dziko muno asanailandire, khomo lobwerera latsekeka. Chiyembekezo chathu ndi Nicole yekha, mtsikana wa mu ofesi ya phungu wathu wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya kuno. Ndiye amatikankhira fayilo ku imigireshoni.

Lachitatu, 30 Januwale

Ilham! Mwana wanga wa banja loyamba, makani ngati bambo ake. Pochokera ku ntchito ndapeza chikwangwani pawindo, nkhope ya mayi amene akufuna kulanda mpando wa phunguyo pa chisankho cha m'chipani. Chipani chimodzi, kulimbana okhaokha. Ndachichotsa, ndachiponya kuseri kwa firiji.

Iye kulusa: "Mom, bamboyo anavomereza nkhondo ya ku Iraq, anavomereza kuti boma lizimvetsera mafoni athu. Opposition yanji yongogwedeza mutu? That's why dzina la Ankolo lili pa shelefu!"

Ankolo ndi mmene amawatchulira a Sidiki. Mwina akunena zoona. Koma munthu amene ofesi yake yakugwirira fayilo sumunyoza pawindo. Ndikuopa.

Lachisanu, 8 Febuluwale

Ndinamutengera Nicole chitenje ndi mandasi. Wakana, akuti malamulo salola. Manyazi ake! Ndabwerera nazo pa basi. Walonjeza kulemberanso a imigireshoni mwezi wamawa, "if we're still here." Anaseka. Ine ayi.

Ku mzikiti mnzanga Rukaya akuti anasiya kutchula mawu a Chiarabu pafoni. Ndinamuseka. Pobwerera ndinakumbukira kuti inenso inshallah sinditchulanso ndikamaimba kwathu. Ndinasiya liti? Palibe anandiletsa. Mtima wanga wawawa tsiku lonse.

Lachiwiri, 12 Febuluwale

Misewu yoterera. A Sidiki anandiperekeza pa galimoto, iwo savota poti si nzika. "Amake Ilham, mukudziwa chochita." Basi.

Ndinaima nthawi yaitali pa makina ovotera. Ndinaganiza za apongozi pamphasa. Kenako chala chinapita pa dzina la mayi uja. Chala changa ndithu, palibe anandigwira dzanja. Ndinadziuza kuti ndangotulutsa mkwiyo, sangapambane, angamugwetse ndani bambo wokhazikika chonchi?

Nditatuluka, a Sidiki anali atandigulira khofi wotentha.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Mayi uja wapambana. Ilham akuvina m'khitchini.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Ndamuimbira Nicole. Wapeza ntchito kwina, mawa ndi tsiku lake lomaliza. Fayilo aisiyira wina, sakudziwa kuti ndani. Akuti ofesi ya phungu watsopano ikadzatsegulidwa Januwale wa chaka chamawa tidzakayambenso kufotokoza kumeneko. Apongozi safika Januwale. Tonse tikudziwa.

Voti imodzi sinagwetse munthu, ndikudziuza choncho kuyambira m'mawa. Sizikuthandiza.

Madzulo ano a Sidiki, akupinda mkeka wawo wopempherera: "Musadandaule, amake Ilham. Inu mbali yanu munachita."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi.