Mafuta a nsatsi m'bokosi la magiya

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Nsanje dzuwa lakula. Mapira tinakolola okwana, ngakhale mbalame zinadyako. Mlongo wanga Nyasha wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ngati yanu. Mbuzi yanu yakuda ija ng'ona inaigwira pa dooko.

Ine ndikadali pa makina ochotsa njere za thonje. Mukukumbukira kuti ndinalowetsako mng'ono wanga Zuze kuti azithira mafuta. Nkhani yanga lero ndi ya iyeyo.

Pakati pa injini ndi makina pali bokosi lachitsulo, m'kati mwake muli magiya, mawilo a mano amene amalumana posambira m'mafuta. Mafuta amene mzungu mwini makina amaitanitsa ndi a dziko lozizira. Mamawa amakhala olemera bwino, koma dzuwa likafika pamutu amasungunuka ngati madzi, osagwiranso pa mano. Chitsulo chimayamba kudya chinzake, bokosi n'kutentha mpaka malovu kuwira pamwamba pake. Tinkaimitsa makina masana onse, alimi ali pabwalo ndi mitolo yawo.

Tsiku lina ndinakumbukira mmene munkaphikira nsatsi, n'kutapa dontho pakati pa zala ziwiri kuti muone ngati likukoka ulusi. Munkati, "Mafuta othawa chala athawanso khungu." Ndinatenga nsupa yanu ya mafuta a nsatsi, ndinaika pang'ono pa chitsulo chamoto, ndipo sanasungunuke ngati achizungu aja. Koma mukundidziwa, Amayi. Ndinafuna kuyesanso, ndi kuyesanso, poopa kuwononga makina a eni. Ndinangouzako Zuze tikudya.

M'mawa mwake iye anakhuthula mafuta akale, nadzaza bokosi ndi nsatsi osafunsa munthu. Makina anayenda mpaka madzulo, bokosi lili lofunda chabe. Mzungu atamufunsa kumene anazitenga nzeruzo, Zuze anayankha ine ndili pomwepo kuti, "Amayi anga anandiuza kutulo." Tsopano akumutenga kuti akayang'anire injini pa sitima ya pamadzi yopita ku Chinde. Akazi pamsika akumutcha mwana wokondedwa ndi mizimu. Iye dzulo anandimenya paphewa nati, "Achimwene, inu sukulu ya mishoni inakuphunzitsani kuwerenga mano a magiya, ine ndimangowadyetsa."

Ndinaseka nawo. Sitimayo ndaisirira kuyambira ndili mwana, ndipo iye sadziwa n'komwe chifukwa chimene mafuta amalemerera. Komabe chondisowetsa tulo si sitima. Kodi n'zoona munapita kwa iye? Mwina ananama, mwinanso ine nditamuuza, inu munabwera kudzamulimbitsa mtima. Chiikireni maliro anu sindinakuloteni ngakhale kamodzi. Ndine ndinakutengerani madzi mukudwala, iye ali ku magule. Kale lomwe chiwindi cha nkhuku chinali chake, ine mukundiuza kuti, "Wamkulu amakhuta ndi maso." Maso anga sanakhute, Amayi.

Pali chimene Zuze sakuchidziwa. Nsatsi ndinapitiriza kuiyesa. Ikakhalitsa m'chitsulo chotentha imasanduka phula lomata, ndipo ikasakanizika ndi mafuta achizungu sizigwirizana. Munthu ayenera kutsuka bokosi kawirikawiri. Zuze akapanda kutero pa sitimayo, magiya adzagwirana pakati pa mtsinje, ndipo dzina lake lidzathera pomwepo. Mawu amenewa ndawasunga m'kamwa sabata yonse. Ndikamuona akupukuta nsapato zatsopano, ndimangomudutsa.

Sitima inyamuka Loweruka. Ndikulonjeza kuti ndimuuza zonse isanalize mluzu, ndipo ndimuonetsa katsukidwe kake ndi manja angawa. Akakauza anthu kuti zimenezonso munamuuza ndinu, ndidzakhala chete. Koma katundu wake sindimunyamulira popita ku dooko, zimenezo musandipemphe.

Ngati njira ya kwa Zuze mumaidziwa, nyumba yanga ndi yoyandikana ndi yake, ya chitseko cha bango. Simufunika kubwera ndi nzeru iliyonse.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani,
Tomasi