Masabata Atatu a Dzanja Lamanzere

Lolemba, 3 Malichi
Tsiku loyamba la mafizo. Miyezi isanu chimuchitireni mwana wanga opaleshoni ya ubongo. Matenda ake a kugwa anatheratu, koma dzanja lamanzere lili lende, zala zofumbata. Mayi a mafizo atsekera dzanja labwinolo m'chikhakha, n'kukulunga bandeji, kuti lofookalo liphunzire ntchito. Masabata atatu osavula, mafizo maola asanu patsiku. Adona anga, mwana wangayu, zaka zisanu ndi chimodzi zokha, andiyang'ana ngati ndawagulitsa.

Lachitatu, 5 Malichi
Patebulo lalifupi: zotsekera mabotolo, mikanda, siponji. Ola lathunthu kukankha chotsekera chimodzi. Thukuta pamphuno. Masana supuni yagwa kanayi. Ndimati ndiwadyetse, mayi aja andigwira mkono: "Bambo, manja anu m'thumba." Ine wometa anthu tsiku lonse, manja osazolowera kungokhala.

Loweruka, 8 Malichi
Kunyumba. Kulira kuyambira m'mawa, ati chikhakha chikuyabwa. Mayi awo ali kumsika. Ndamasula bandeji. Masana onse akujambula ndi lamanja, akuimba. Lamanzere aliiwala pantchafu ngati la munthu wina. Ndamanganso mayi awo asanafike.

Lolemba, 10 Malichi
Adona andiulula okha, tisanakhale n'komwe pansi: "Adadi anandivula." Mayi a mafizo sanakalipe. Angoti chifundo chinapha nkhwali, ndipo dzanja likazolowera kuiwalidwa pamsinkhu uno, kulidzutsa n'kovuta. Bola akanakalipa. Mkazi wanga sakundiyankhula.

Lachiwiri, 18 Malichi
Sindinalembe. Ndikanalembanji? Mikanda, zotsekera, misozi. Loweruka adona anandipemphanso kuti ndiwavule chikhakha. Ndinakana. Akuti sindinenso adadi awo, akagula ena kusitolo. Ndinaseka, kenako ndinakakhala kuseri kwa nyumba.
Lero anyamula siponji mpaka pachibwano. Yagwa. Mkazi wanga waona, wandigwira bondo.

Lachisanu, 21 Malichi
Chikhakha achotsa. Zala sizinatambasuke zonse. Adokotala ananeneratu kuti mwina sizidzatero. Atipatsa pepala la zochita kunyumba, masamba awiri.
Pasiteji anthu piringupiringu. Adona ali ndi bisiketi kudzanja lamanja. Ndangomva chinthu chikukoka buluku langa pabondo. Kuyang'ana, ndi lamanzere. Zala ziwiri zapana nsalu. Eni ake sakudziwa n'komwe, maso ali pa bisiketi.
Ndinaopa kuti ndikasuntha asiya. Minibasi ziwiri zadzadza n'kupita, kondakitala akundifunsa ngati ndamera mizu. Ine chiimire.